Mpesa Umene Unakwera Phiri

Ife tonse amene tikhala pa Gome la Ambuye tidziwa vinyo ndi milomo yathu, koma ali owerengeka pakati pathu amene anaona munda wa mpesa ndi maso ao. Dzina lache tilimva m'kachisi chiyambire ubwana wathu: timva za Nowa amene anaoka mpesa atatuluka m'chombo, timva za ukwati wa ku Kana, timvanso za antchito aja analembedwa ena mamawa ena madzulo. Komatu mwana wa sukulu akafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga madzi a mphesa afiira bwanji?" ambiri a ife tingomkumbutsa za mpesa wa kuthengo umene tinali kudya pobusa mbuzi, uja woyabwa pakhosi, ndipo tipitirira msanga ku phunziro lina. Chifukwa chache ndati ndilembe mwezi uno mbiri ya dziko limodzi kumene apanga vinyo wofiira, dziko limene mpesa unafikako chifukwa cha chikho cha Mgonero, ndipo pambuyo pache unakwera mapiri.

Dzikolo ndi Argentina, ku South America, tsidya lija la nyanja yaikuru ya Atlantic. Kumadzulo kwache kuli mtandadza wa mapiri a Andes, umene ulekanitsa Argentina ndi Chile. Phiri lalitali koposa onse ndilo Aconcagua, la mamita 6,961, ndiko kunena kuti mukasanjika Sapitwa wa pa Mulanje pamwamba pa Sapitwa mnzache, simunafikebe pansonga pache. M'tsinde mwa mapiriwo muli mzinda wa Mendoza. Mitambo ya mvula yochokera ku nyanja ya Pacific ikhuthula madzi ache ku mbali ya Chile, ndipo pofika ku Mendoza mphepo iri youma gwa. Mvula ya chaka chonse iri ngati mamilimita 200 okha, imene kuno kwathu igwa m'mwezi umodzi wa Januwale. Munthu wa kwathu ataona dothi lache la miyala ndi mchenga akanati, Pano sipalimidwa kanthu. Koma pamwamba pa mapiri pagwa chipale chofewa m'nyengo ya chisanu, ndipo dzuwa likayamba kutentha chipalecho chisungunuka, nichitsika m'mitsinje ya Mendoza ndi Tunuyán. Motero mitsinje ya kumeneko idzala m'nyengo yotentha ngakhale kumwamba kulibe mtambo.

Eni dziko akale anali anthu a mtundu wa Huarpe. Iwo ndiwo anayamba kupatutsa madzi a mtsinje ndi kuwayendetsa m'ngalande kufikira ku minda yao ya chimanga, maungu ndi nyemba. Pamene Mspanya dzina lache Pedro del Castillo anaoloka mapiri kuchokera ku Chile namanga mudzi wa Mendoza m'chaka cha 1561, sanasankhe malowo mwa nzeru zache ai. Anamanga pamene anapeza ngalande zokumbakumba ndi madzi akuyenda. Ngalande yaikuru imene ipita pakati pa mzindawo ichedwa ndi dzina la mfumu ya Ahuarpe, Guaymallén. Ichi ndifuna owerenga achisunge mumtima, pakuti tidzabwererako.

Tsono mpesa unadza bwanji? Aspanya anali a Mpingo wa Chiroma, ndipo wansembe wao sakhoza kuchita Misa popanda vinyo. Kutenga vinyo ku Spain kunali ulendo wa miyezi yambiri panyanja ndi pamtunda, ndipo kawirikawiri anafika atasasa. Chomwecho kulikonse anamangako kachisi anaokanso mpesa pambali pache. Mpesa suokedwa ndi njere. Adula nthambi naizika m'nthaka monga tichitira ndi chinangwa, ndipo chifukwa cha ichi munthu mmodzi akhoza kusenza munda wonse m'mtolo umodzi. Unayamba kufika ku Peru, kenaka ku Chile, ndipo cha m'ma 1556 wansembe wina, Juan Cedrón, anaoloka nao mapiri kufikira ku Santiago del Estero, mudzi wakale koposa mwa midzi ya Aspanya imene ilipobe m'dziko la Argentina. Posakhalitsa unafika ku Mendoza ndi ku San Juan, ndipo kumeneko unakondwa koposa. Mtundu wa mphesa zimenezo auchula Criolla; zibala kwambiri, koma vinyo wache ali wotuwa ndi wopepuka. Anachuruka kotero kuti amalonda a ku Spain anadandaula, ndipo mu 1595 Mfumu Philip II inaletsa kuoka minda yatsopano ya mpesa m'maiko ache a ku America. Koma mfumu inali kutali, ndipo anthu anapitirira kuoka.

Mapangidwe a masiku amenewo anali osavuta kuwamvetsa. Anatenga chikopa chathunthu cha ng'ombe, nachipachika pa mitengo inai kuti chikhale ngati chibeseni, nathiramo mphesa. Munthu analowamo naziponda ndi mapazi, ndipo madzi anatulukira poboola pa kumchira kulowa m'chotengera. Madziwo anawathira m'mitsuko yaikuru yadothi kuti awire. Atapsa vinyo anamnyamula pa nyulu ndi pa ngolo za ng'ombe kumka ku Buenos Aires, mtunda wa makilomita ngati 1,000, ulendo wopitirira mwezi wathunthu m'dzuwa ndi pfumbi.

Pano pali chinthu chimene sindikhoza kuchilumpha, ngakhale chiwawitsa mtima. Mapazi amene anaponda mphesazo, ndi manja amene anaumba mitsukoyo, kawirikawiri anali a akapolo ochokera ku Afrika kuno. Ahuarpe ambiri anali atatengedwa mokakamiza kukagwira ntchito ku Chile, ena anafa ndi nthenda zachilendo. Ndipo m'malo mwao eni minda anagula anthu ku madooko a Río de la Plata, ambiri a ku Angola ndi ku Congo, ndipo m'zaka zotsiriza za malondawo zombo zina zinachokera ku Mozambique komwe. Ngakhale nyumba za ansembe, za Ajesuiti ndi za ena, zinali nao akapolo m'minda yao ya mpesa. Ife amene agogo athu anaona magoli pa njira ya ku Nkhotakota ndi ku Quelimane sitiwerenga ichi monga nkhani ya anthu achilendo. Ndaganizira kawiri katatu za munthu wotere, amene anaponda mphesa za chikho cha Ambuye ali womangidwa. Ukapolo unatha m'dzikomo mwa lamulo m'chaka cha 1853.

Chaka chomwecho cha 1853 ndicho chinatembenuza mbiri ya vinyo wa ku Mendoza, ndipo amene anachititsa anali mphunzitsi. Domingo Faustino Sarmiento anabadwira ku San Juan mu 1811, nayamba kuphunzitsa ali mnyamata wa zaka 15. Atathawira ku Chile chifukwa cha ndale, anatsegula mu 1842 sukulu yophunzitsira aphunzitsi kumeneko. Ndipo kuyambira 1868 kufikira 1874 anali Pulezidenti wa Argentina. Ife amene tinapita m'sukulu yotere tikhululukidwe tikanyadira pang'ono. Iye ndiye anaumiriza akuru a Mendoza kuti atsegule munda wa boma wophunzitsiramo ulimi, ndi kuitana Mfalansa wodziwa za mbeu, Michel Aimé Pouget, kuti auyang'anire. Nkhaniyo inaperekedwa ku bwalo la malamulo la Mendoza pa 17 Epulo 1853. Pouget anadza ndi nthambi za mipesa ya mitundumitundu ya ku France, ndipo pakati pa izo panali mtundu wochedwa Malbec.

Kwao kwa Malbec ndi ku Cahors, kumwera chakumadzulo kwa France, kumene vinyo wache anachuka kalekale ndi dzina lakuti vinyo wakuda. Koma kwaoko unali mpesa wodwaladwala, wosapirira chinyezi ndi chisanu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1860 kachirombo kochedwa phylloxera, kakang'ono ngati nsabwe ya m'masamba, kanadya mizu ya mipesa ya ku France niononga minda yambirimbiri, kufikira alimi anaphunzira kumezanitsa mipesa yao pa zitsa za mipesa ya ku America. Pooka kachiwiri ambiri anausiya Malbec, ndipo chisanu choopsa cha 1956 chinapha wochuruka wa umene unatsala ku Bordeaux. Koma nthambi za Pouget zinali zitaoloka nyanja kachiromboko kasanafike. Ndipo m'dothi lamchenga la Mendoza, lothiriridwa ndi madzi osefukira, kachiromboko sikanapeze mphamvu. Chomwecho kuli minda ku Luján de Cuyo ya zaka zopitirira zana, imene mipesa yache iima pa mizu ya iyo yokha. Alimi a kumeneko sanasamale za dzina lache. Anangouchula mphesa ya Chifalansa.

Pa 20 Malichi 1861 chibvomezi chinagwetsa mzinda wa Mendoza, ndi kupha anthu zikwizikwi. Anaumanganso ndi miseu yotakata ndi ngalande m'mbali mwa mseu uliwonse. Mu 1884 anaika Lamulo la Madzi, ndipo mu 1885 njanji inafika kuchokera ku Buenos Aires. Ulendo uja wa mwezi ndi masiku unasanduka wa masiku awiri, ndipo pa njanji yomweyo anadza Ataliyana ndi Aspanya osauka ambirimbiri, anthu obadwira m'minda ya mpesa. Mmodzi wa iwo, Nicola Catena, anafika mu 1898 naoka munda wache woyamba wa Malbec mu 1902.

Tsono tiyankhe funso la mwana uja, pakuti pano ndipo pagona nkhani. Mukafinya mphesa yakuda pakati pa zala, madzi otuluka ali oyera mbee, osati ofiira. Kufiira konse kuli m'khungu lache. Chifukwa chache wofuna vinyo woyera afinya mphesa nataya makungu pomwepo. Koma wofuna wofiira awiritsa madzi ndi makungu pamodzi.

Ntchito iyamba m'nyengo ya chisanu, mu Julayi ndi Ogasiti, pamene mpesa wagwetsa masamba onse ndipo uoneka ngati wouma. Pamenepo mlimi asadza nthambi zochuruka, nasiya maso owerengeka, pakuti mpesa wosiyidwa ndi nthambi zonse ubala matsango ambiri opanda kukoma. Uphuka mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo kukolola kuli mu Malichi ndi Epulo, nyengo imodzimodzi ndi masika athu, popeza nawonso ali kumwera kwa dziko lapansi monga ife. Otchera adula matsango ndi lumo, nadzaza chotengera cha makilogalamu ngati 20, nachisenza paphewa kumka ku galimoto. Ndipo pa chotengera chiri chonse alandira kachitsulo konga ndalama, kamene akasinthitsa ndi malipiro. Motero athamanga tsiku lonse. Ambiri a iwo achokera kumpoto kwa Argentina ndi ku Bolivia, monga anthu a kwathu anali kupita ku minda ya fodya ya ku Harare.

Ku nyumba yopangira vinyo makina achotsa mapesi a matsango, naphwanya mphesa pang'ono, ndipo zonse, madzi, makungu ndi njere, azithira m'thanki lalikuru lachitsulo kapena lasimenti. Pano sipafunika chimera monga pa mowa wa masese, pakuti chimera ntchito yache ndiyo kusandutsa ufa kuti ukhale wotsekemera, pamene mphesa iri nao kale shuga wache. Chofunika ndi chotupitsa, chimene Louis Pasteur wa ku France anaonetsa cha m'ma 1857 kuti chiri tizamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso. Tizamoyoti tikhala kale pa makungu a mphesa ndi m'nyumbamo, ngakhale opanga ambiri aonjezako tao tosankhika. Tidya shuga, ndi kutulutsa ukali uja woledzeretsa pamodzi ndi mpweya. Thanki litentha ndi kubwadamuka ngati liri pamoto, ndipo mpweya ukankhira makungu onse pamwamba, naundana ngati chibvundikiro. Akawaleka pamwambapo auma nasasa, ndipo vinyo atsala wotumbuluka. Chifukwa chache kawiri kapena katatu pa tsiku antchito awamiza ndi mtengo, kapena apopa madzi a pansi nawathira pamwamba. Ayang'aniranso kutentha kuti kusapitirire madigiri 30, pakuti kukapitirira kwambiri tizamoyo tija tifa ntchito isanathe. Mpweya wa m'thankimo upha munthu wolowamo mosasamala.

Patapita sabata imodzi kufikira zitatu atsanula vinyo, nafinya makungu otsala m'chofinyira. Pamenepo achitanso kuwira kwachiwiri, kwachete, kumene kufewetsa kuwawasa kwache. Wabwino koposa amthira m'migolo ya mtengo wa thundu wa ku Ulaya kapena ku America, mgolo umodzi wa malita 225, nakhala m'chipinda chozizira chaka chathunthu kapena chaka ndi theka, kufikira nsenga zakhazikika ndi ukali wa m'kamwa wachepa. Ukali umenewo, umene uumitsa lilime monga ichitira nthochi yosapsa, uchokeranso m'makungu ndi m'njere, ndipo ndiwo usunga vinyo zaka zambiri osaonongeka.

Popeza zonse ziri m'khungu, mudzazindikira chifukwa chache anthu anayamba kukwera phiri. Koma sanafulumire kutero. M'zaka zapakati pa 1900 ndi 1980 eni minda anafuna kuchuruka kokha, pakuti anthu a m'dzikomo anali kumwa koopsa: mu 1970 munthu mmodzi, powerengera onse, anamwa malita ngati 90 pa chaka. Sindiyesa ichi chinthu chotamandika, ndipo amai amene alera ana m'nyumba ya munthu wa kachasu adziwa chimene chibisala kuseri kwa chiwerengero chotere. Kumwa kutayamba kuchepa malonda anagwa, ndipo alimi anazula Malbec wakale. Mwa mahekitala ngati 50,000 anatsala ngati 10,000 okha pofika 1990. Mu 2023 munthu mmodzi sanafikenso malita 20. Amene anafuna kukhalabe pa ntchitoyi anayenera kupanga wochepa koma wabwino, woti maiko ena amgule.

Mdzukulu wa Mtaliyana uja, Nicolás Catena Zapata, anali munthu wophunzira za chuma, ndipo atakhala ku California kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 anabwera ndi maganizo akuti minda ya kuchigwa itentha kopambana. Mzinda wa Mendoza uli pa mamita ngati 750. Minda yakale ya ku Luján de Cuyo iri pa 900 kufikira 1,100, monga Lilongwe. Mu 1992 iye anaoka munda ku Gualtallary, m'chigwa cha Uco, pa mamita ngati 1,450, ndipo anthu odziwa anamuuza kuti mphesa zakuda sizidzapsa pamalo pozizira chotero. Zinapsa, ndipo ena ambiri anamtsata.

Zifukwa zache ndi izi. Munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kutsika ndi madigiri ngati asanu ndi limodzi, monga adziwa ali yense wochokera ku Chikwawa amene anagonapo ku Dedza. Usana dzuwa la pamwamba liri lakuthwa, popeza mpweya wolichinga uli wochepa, ndipo mphesa idzichinjiriza mwa kukhuthalitsa khungu lache ndi kulidetsa. Khungu lokhuthala ndilo vinyo wofiira kwambiri. Usiku kuzizira kutsika m'mapiri, ndipo mphesa ipumula, osataya kuwawasa kwache. Motero ipsa pang'onopang'ono, kutsekemera ndi kuwawasa zikulira pamodzi. Dothi la miyala silisunga madzi, ndipo mpesa wobvutika ubala timphesa tating'ono, tamakungu ambiri ndi madzi ochepa. Kumpoto, m'chigawo cha Salta, anakwera koposa apa: ku Cafayate minda iri pa mamita ngati 1,700, ndipo munda wina wa Colomé uli pa 3,111, kupambana Sapitwa amene.

Wina adzafunsa kuti, Nanga ife tiri nazo Dedza, Zomba ndi Nyika, tilekeranji kuoka? Mpesa umera ndithu kuno, ndipo ena ali nao pakhonde. Koma kukwera kokha sikukwanira. Kwathu mvula igwa m'miyezi yomweyo imene mphesa iyenera kupsa, ndipo chinyezi chioletsa matsango. Ndiponso chisanu chathu sichifika pogonetsa mpesa tulo tache ta chaka ndi chaka. Ku Mendoza kumwamba kuli kouma ndipo madzi adzera pansi, pa tsiku limene mlimi awafuna.

Pamwambapo pali zoopsa zache. Matalala akhoza kutha munda wonse m'kamphindi, kotero kuti ambiri afunda mipesa yao ndi maukonde. Kuli mphepo yotentha yochedwa Zonda, imene itsika m'mapiri niyoyola maluwa. Ndipo chisanu chochedwa kuchoka chitentha mphukira: cha kumapeto kwa Okutobala ndi kuchiyambi kwa Novembala 2022 chinagwa chotere, ndipo zokolola za 2023 zinachepa koposa za zaka makumi angapo.

Koma choopsa chachikuru ndi madzi. M'chigawo chonse cha Mendoza malo othiriridwa safika magawo asanu pa zana, ndipo pafupifupi anthu onse akhala pamenepo. Mwa Lamulo lija la 1884 madzi ayendera pamodzi ndi munda. Munthu sakhoza kugulitsa madzi nasunga munda. Pali kapitao wa ngalande, wochedwa tomero, amene atsegulira munda uliwonse pa nthawi yache, kaya ndi usana kaya pakati pa usiku, ndipo mlimi adzuka ndi nyali ndi fosholo kukalandira gawo lache. Kuyambira 2010 chipale chinachepa pa mapiri zaka zambiri zotsatizana, ndipo madzi oundana akale a pamwamba pa Andes ali kusungunuka ndi kubwerera m'mbuyo. Minda yatsopano ya kumtunda ithirira ndi mipope yodonthezera madzi pa tsinde liri lonse, ndipo yambiri ikumba zitsime zakuya. Ndipo wa kumtunda akamwa, wa kumunsi apeza zotsala.

Kumunsi kwenikweni, kumene mitsinje ya Mendoza ndi San Juan itsirizira, kunali nyanja zazing'ono ndi madambo ochedwa Guanacache. Kumeneko anathawira Ahuarpe otsala, nakhala ndi moyo wopha nsomba pa zombo za mabango ndi kuluka madengu. Pamene minda ya mpesa inakula pambuyo pa njanji, madzi anayamba kuthera m'njira, ndipo m'kati mwa zaka za m'ma 1900 nyanjazo zinaphwa, kotero kuti madzi afikako m'zaka za chipale chambiri zokha. Zidzukulu za anthu amene anakumba ngalande zoyamba zikhalabe komweko pa mchenga, ziweta mbuzi, ndi kutunga madzi m'zitsime kapena kudikira galimoto yowabweretsera. Ali nako kachisi wao wakale wa njerwa zosaocha ku Lagunas del Rosario, ndipo mwezi wa Okutobala uliwonse asonkhana kumeneko masiku angapo kudzapemphera, m'mphepete mwa nyanja youmayo.